Kasitima ka Adada

Kwathu ku Area 25 kunali chinthu chimodzi chimene sitinkaloledwa kuchikhudza tisanasambe m'manja, ndipo sichinali Baibulo. Kanali kasitima ka Adada. Bambo athu tinkawatchula choncho potsata chikwawo, chifukwa iwo anali a kumpoto pamene amayi ndi a ku Dedza. Kasitimako kanali kotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, ndipo kulemera kwake umachita kukagwira ndi manja awiri n'kukatsamiritsa pamimba. Sikanali kachidole ka mabatire ayi. Kanali ka nthunzi kenikeni. Umathiramo madzi, n'kusonkha moto wa timakala, n'kudikira, ndipo madzi akawira kankanyamuka kokha pa tinjanji take kakufuka utsi.

Adada anayamba ntchito ya njanji ali mnyamata, kummwera, masiku amene sitima zinkayendera malasha. Ntchito yawo inali yoponya malashawo pamoto ndi fosholo. Mzungu wina wa kumalo okonzera injini, pobwerera kwawo, anawasiyira kasitimaka kali kakufa, ndipo iwo analimbana nako zaka zambiri mpaka kanadzuka. Pamene ankawasamutsira ku Kanengo n'kuti sitima zamalasha zitatha kale, kutabwera za dizilo, zimene iwo ankazinyoza kuti ndi malole oyenda panjanji. Atapuma pantchito, sitima ya nthunzi imene inatsala m'moyo mwawo inali ya pansi pa bedi ija basi.

Chaka chilichonse mvula ikatha ankakaphwasula konse. Ankayala mphasa pakhonde, pamwamba pake thumba la ufa lochapa bwino, pambali n'kuikapo thireyi ya mazira, yapepala ija. Thireyiyo ndiyo inali mutu wa ntchito yonse. Kabawuti kalikonse ndi kanati kalikonse kankalowa m'chibowo chakechake motsatana ndi mmene kamasulidwira, kuti pomanga uyambire kumene unathera n'kumabwerera m'mbuyo. Timabawutito tinali tating'ono ngati njere za mpunga, tofanana m'maso koma tosiyana mazinga, ndipo munthu akangogunda thireyi ndi phazi ndiye kuti sabata yonse m'nyumba simusekedwa. Boyila, amene ndi thanki ya mkuwa yowiritsira madzi, ankamutsuka ndi viniga. Madzi a pampopi sankalowamo chifukwa amasiya choko m'kati, ndiye amayi ankachita kuwatungira a mvula m'mabotolo, uku akudandaula kuti m'nyumba muno muli mkazi wachiwiri amene samwa zimene timamwa enafe.

Ana tinalipo awiri, achimwene ndi ine. Achimwene za kasitima analibe nazo ntchito. Awo mtima wawo unali ku mpira ndi ku magule, ndipo akaona Adada atagwada pakhonde ankadutsa akuseka kuti mdala wayamba masanje. Ine ndinayamba ndi kupukuta mawilo, kenako anandilola kugwira kasipanala. Pofika zaka zimene matipate ankayamba, maso a Adada anali atafooka ndi shuga, ndipo zala zogwira ntchito zinali zanga, iwo kwawo kunali kulamula. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yosankha fodya ku Kanengo, ya nyengo ija, ndiye ankandinyogodola kuti ndisambe kawiri, sitima yawo isaphunzire kusuta. Anandiphunzitsa kukulunga ulusi wonyika mu oyilo pa pisitoni kuti nthunzi isathawe, osamanga kwambiri, osalekerera. Ankaika khutu pafupi n'kundiuza mbali imene ikudontha iwo asanaone n'komwe.

Tikamaliza kumanga tinkakayendetsa Loweruka, chifukwa Adada anali mkulu wa mpingo ndipo Lamulungu sakanayerekeza. Tinkayala tinjanji pabwalo, ine n'kumapopera moto ndi pampu ya njinga. Anthu a mumzere wathu ankabwera ndi mipando yawo. Kakaliza kawezulo kake, azibambo andevu zawo ankaseka ngati ana, ndipo Adada ankaima chilili manja kumbuyo, osaseka, koma khosi lili njo.

Loweruka lina lotero, anthu atabalalika, anaitana achimwene amene anabwera kudzationa kuchokera ku Biwi, kumene ankachita lendi atakwatira.

"Iwe, ine ndikadzapita, sitimayi ndi ya mlongo wakoyu. Wamva?"

"Ndamva, Adada. Ine ndingaitani?"

Anayankha akuseka, ndipo nane ndinaseka. Ndinali ndi mboni, mboni yake mlongo wanga weniweni, ndiye mtima unali m'malo.

Adada anamwalira nyengo yozizira, atagona m'chipatala kwa kanthawi. Maliro tinakaika kwawo kumpoto. Tikunyamuka kubwerera, anatiuza kuti abambo aang'ono, mng'ono wawo wa Adada, abwera ku Lilongwe pakatha mwezi kudzalongosola za katundu. Mawu amenewo anatilanda tulo. Zaka zimenezo kulanda katundu wa amasiye kunali ngati mliri. Mayi wina wa kuseri kwathu abale a mwamuna wake anamusiyira mphasa ndi ana, mpaka mababu anachita kugulula. Ndiye amayi, mkazi wa ku Dedza wokwatiwa kwa anthu a malowolo, ankangoona ngati nawo tsiku lawo lafika. Abambo aang'onowo sitinkawadziwa bwino. Anali mphunzitsi wopuma, wamtali, wosaseka, woyankhula mawu owerengeka, ndipo ife tinawaweruza ndi nkhope yokhayo.

Achimwene ndi amene anabwera ndi nzeru. Anafika ndi buledi m'manja, n'kukhala pampando wa Adada, n'kuyamba kutifotokozera mofatsa ngati loya. Akuti kwa anthu amenewa mwana wamkazi sapatsidwa zipangizo za bambo ake, chifukwa mawa akwatiwa n'kupita nazo kwa eni. Akuti ngakhale iwo atachitira umboni, akuluakulu angowaseka, kasitima n'kukwera basi ya kumpoto kukachita dzimbiri kumudzi. Chofunika n'kukabisa kwawo ku Biwi mpaka mphepo itadutsa. Koma kathunthu sikangatuluke pageti anthu osaona, poti mumzere monse ankakadziwa. Ndikaphwasule, ndizipititsa pang'onopang'ono m'chikwama cha kumsika.

Ndinalira tsiku limenelo, kulira kothokoza. Ndinati Adada apita koma atisiyira mwamuna pakhomo.

Aka kanali koyamba kukaphwasula ndekha popanda mawu a Adada kumbuyo kwanga. Ndinatsekera chitseko, n'kuyala thumba la ufa lija pabalaza. Ndinayamba ndi kadenga ka woyendetsa, kenako timapaipi, kawezulo, kagalasi koonera madzi, mpaka boyila ananyamuka pachimango chake. Chilichonse ndinkachipukuta, kuchidzoza oyilo, n'kuchikulunga m'zidutswa za malaya akale a Adada. Mawilo okha ndinawasiya pachimango, chifukwa iwo ankati amenewo ukawagulula sabwereranso mmene analili. Ndinagwira ntchito yabwino kuposa ina iliyonse imene ndinagwirapo, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti inali yabwino choncho.

Ndinayenda maulendo angapo pa minibasi, kutsika m'tauni n'kukwera ina ya ku Biwi. Boyila ndinachita kumubereka kumbuyo ndi chitenje, moti kondakitala wina anandiuza kuti ndimufukate mwanayo angapanikizike. Achimwene ankalandira chilichonse ndi manja awiri n'kuika m'thiranki yachitsulo kuchipinda. Chimene sindinapititse ndi thireyi ya mazira. Ndi mabampu a msewu wathu timabawuti tikanadumpha m'zibowo n'kusakanikirana, ndiye ndinaiphimba ndi thireyi inzake, kumanga ndi chingwe, n'kuiika pamwamba pa wadirobu ya amayi.

Abambo aang'ono anafika ndi kachikwama kamodzi. M'mawa mwake abale anasonkhana, amuna pamipando, ife akazi pamphasa. Abambo aang'ono anayamba ndi pemphero lalitali m'Chitumbuka. Atati ameni anayang'ana amayi n'kunena kuti nyumba ndi zonse zili m'menemo ndi za iwo ndi ana awo, ndipo aliyense wofuna kutola ngakhale supuni ayambe wadutsa pa iwo. Iwo anangopempha Baibulo la Adada la Chitumbuka ndi jekete imodzi yoti azikumbukira akulu awo. Amayi anayamba kusisima, manyazi ndi chimwemwe zitawagwira pamodzi.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Pali mawu amodzi amene akulu anga anandisiyira nditabwera kudzawaona kuchipatala. Anati kasitima kaja ndi ka mwana wamkaziyu, ndipo ndidzamupatse ndi manja anga pamaso pa anthu, kuti wina asadzamuvutitse. Kabweretseni."

Ndinayang'ana achimwene. Ndinkadikira kuti aseka, apepesa, anena kuti mantha anatipusitsa, katundu ali ku Biwi. Ikanakhala nkhani yoseketsa pamaliro a mtsogolo. Iwo anakhosomola pang'ono, n'kuyankha nkhope ili gwa.

"Kameneko Adada anagulitsa kale, nthawi ya matenda. Anagulira mankhwala."

Ndinatsegula pakamwa, koma amayi ananditsina pantchafu mwamphamvu. Ndinamva chimene ankatanthauza. Munthu wangotichitira ulemu wotere, ndiye timuuze kuti tinamubisira katundu ngati wakuba? Abambo aang'ono anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Ndiye kuti akulu anga anandinamiza ali pabedi la imfa?"

Adada, munthu amene ankabweza chenji chopitirira kwa wogulitsa tomato, anasanduka wabodza pabalaza pawo pomwe, ana awo tili chete. Abambo aang'ono anatseka ndi pemphero lalifupi, ndipo m'mawa mwake anakwera basi.

Ndinakwiya, koma ndinawapezera achimwene chifukwa. Ndinati mwina manyazi anawagwira, bodza linangotuluka lokha. Nditawauza kuti ndikufuna kukatenga katundu wanga, anati tidikire kaye, anthu angadabwe kuti chogulitsidwa chabwerera bwanji. Patapita nthawi anati kiyi wa thiranki wasowa. Kenako anati thiranki anaisungitsa kwa mnzawo chifukwa kwawo kukudontha. Ine n'kumangovomera, chitsiru cha munthu. Masiku omwewo iwo anatsegula vidiyo sho ku Biwi, kachipinda ka mabenchi, wailesi ya kanema ndi deki, anthu n'kumalipira pakhomo kuonera mafilimu a karate. Tonse tinawayamikira kuti ayamba geni. Katani yakuda ya pakhomopo ndinasoka ndine, pa makina a amayi, ulere.

Mvula itatha, nthawi imene Adada akanayala mphasa pakhonde, zala zanga zinayamba kuyabwa. Ndinanyamuka osauza munthu. Kunyumba kwa achimwene ndinapeza alamu anga, akazi awo, akusita pakhonde ndi nsimbi yamakala. Tinalonjerana bwinobwino, ndinakhala pansi. Atamaliza kolala ya malaya anatula nsimbi ija pa kachitsulo kena kamene kanali pambali pawo, ndipo kachitsuloko kanasuntha pang'ono, iwo n'kukaimitsa ndi mwala. Kanali ndi mawilo ofiira. Penti yake ndinapaka ndine.

Ndinafunsa kuti achitenga kuti chimenecho. Alamu, munthu wosadziwa kanthu, anandifotokozera mosangalala. Akuti ndi chotsala pa zitsulo zimene bambo a kunyumba anagulitsa kwa anyamata ogula mkuwa aja a kumagalaja. Anabwera ndi sikelo yawo yokoleka, n'kusankha za mkuwa zokhazokha, ichi anachikana chifukwa ndi chitsulo wamba. Chithanki chija sichinkalowa bwino m'thumba, ndiye anachiphwanya ndi hamala pabwalo pomwepo mpaka chinaphwatalala. Ndinafunsa kuti zinachitika liti. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti ndi sabata yomwe ija ndinabwera nditabereka chinthu kumbuyo, alendo a kumpoto asanafike.

Apo m'pamene zonse zinandilowa. Pamene achimwene ankakhala pampando wa Adada ndi buledi wawo, n'kuti atapangana kale ndi a sikelo. Kathunthu sakanatha kukatulutsa m'nyumba ya amayi, komanso sankadziwa pomasula kuti mkuwa ulekane ndi chitsulo. Ankafuna munthu woti awaphwasulire, awapukutire, awanyamulire mpaka pakhomo ndi ndalama yake ya minibasi. Munthuyo anamupeza.

Ndinanyamula chimango cha kasitima chija, ndipo ku vidiyo sho ndinafika dzuwa lili pamutu. M'kati munkamveka kukuwa kwa anthu omenyana mufilimu. Ndinakankha katani yanga ija n'kuwakodola. Anatuluka akutafuna chingamu, ndipo atangoona chimango m'manja mwanga anasiya kutafuna. Chibadwire ndinali ndisanawatchulepo kuti iwe.

"Iwe, wagulitsa sitima ya Adada pa sikelo?"

Anayang'ana uku ndi uku kuopa makasitomala, kenako anayankha motsitsa mawu, ngati akundithandiza kumvetsa.

"Ine sitima sindinagulitse, sisi. Sitima unaiphwasula ndiwe. Ine ndinagulitsa zitsulo."

Anapitiriza kuti zinthu zavuta, ndalama yagwa, munthu sangamasunge chidole pansi pa bedi ana akugona ndi njala, ndipo geni ikayenda adzandigulira china chabwino cha mabatire. Zimene ndinawayankha sindingazilembe pano. Ndikungokumbukira kuti filimu anaiimitsa, anthu n'kutuluka kudzaonera yathu. Ndinabwerera ku 25 chimango chili pamiyendo, chikununkha makala a nsimbi, ndipo m'minibasi monse palibe anandifunsa chimene ndinkalirira.

Ndinkayembekeza kuti amayi akwiya nane limodzi. Analira, inde, koma atapukuta misozi anandigwira dzanja n'kundipempha kuti nkhaniyi ithere m'nyumba. Akuti mwana wamwamuna ali naye mmodzi, ndipo zikamveka kumpoto adzamuyesa wakuba mpaka imfa, iwonso adzanenedwa kuti analera mbava. Ndinawafunsa kuti nanga Adada, amene akuyesedwa wabodza, si munthu? Anangoti amene anagona sakumva. Zimenezo zinandipweteka mwina kuposa hamala ija, chifukwa amayi ndi amene ankatunga madzi a mvula aja.

Ndinatsimikiza mumtima kuti tikadzapita kukamanga chiliza ndidzawatengera pambali abambo aang'ono n'kuwauza zonse, amayi afune asafune. Nkhani yotere ndinkafuna kuinena ndikuwayang'ana m'maso. Koma chiliza chinachedwa, ndipo ulendo wotsatira wa kumpoto unali wokaika maliro a abambo aang'onowo. Pamaliropo akazi awo anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti malemuwo nkhani ya kasitima sinawachoke. Akuti ankati akakhala n'kuyamba kudzifunsa kuti akulu awo anawatumiranji mawu a chinthu chimene anali atagulitsa kale, ndipo jekete ija anaipachika osaivalanso. Ndinawauza mayiwo zoona zake pomwepo, koma amene ankafunika kumva anali m'bokosi.

Vidiyo sho sinathe chaka. Magetsi anabwera mwamphamvu tsiku lina n'kuotcha deki, mabenchi anagulitsa, katani yanga inasanduka chophimbira nkhuku. Sindinasangalale, sindinamvenso chisoni. Ine ndinakwatiwa, ndinasamukira ku Kawale, ndipo chimango ndi thireyi ndinapita nazo. Amuna anga poyamba ankadabwa kuti mkazi wanzeru zake akusungiranji thireyi ya mazira yopanda mazira. Nditawafotokozera anandikhomera kashelefu pabalaza. Mvula ikatha ndimaitsitsa, n'kudontheza oyilo m'chibowo chilichonse kuti timabawuti tisachite dzimbiri. Tonse tilipo, palibe kamene kanasowa, ndipo mpaka lero ndikhoza kukuuzani kuti aka n'ka kawezulo, aka n'ka kadenga, aka kankagwira boyila kutsogolo.

Achimwene sanapepesepo. Chifukwa cha amayi tinayambanso kulonjerana, ndipo pa Khirisimasi ina, zaka za m'ma 1990 zikutha, anabwera kwathu ndi banja lonse. Atakhuta anayamba kusimbira ana awo za kasitima ka agogo awo, mmene ankati tikakayatsa mumzere monse n'kusonkhana, mmene ife tinkakakonzera pakhonde. Ankati ife. Ine ndinali kuchotsa mbale, ndipo ndinaluma mlomo chifukwa amayi anali pomwepo.

Pobwera kuchokera kukhitchini ndinapeza achimwene ataima pa shelefu, atavundukula thireyi. Anali atatola kabawuti kamodzi, akukapepeta m'dzanja ngati akuyesa kulemera kwake.

"Sisi, timenetinso ndi ta mkuwa eti?"

Ndinawatambasula zala, ndinatenga kabawutiko, n'kukabwezera m'chibowo chake. Kuyambira tsiku limenelo thireyi imakhala m'sutikesi yokhoma, ndipo achimwene akabwera kwathu ndimawatulutsira mpando pakhonde.